Moto wa Nkhandwe ndi Chiliza Chanu

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Ine kuno ku Doha mtima suli m'malo. Koma ndiyambe ndi zakumudzi, paja munkati mlendo asamayambe ndi madandaulo asanakhale pansi. Mpongozi wanu, mkazi wa achimwene a Yohane, adachira, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Chimanga chidagwa mbozi, koma mtedza wachita bwino.

Chiliza chanu chatha. Achimwene akuti tichivundukule sabata ya Khirisimasi, ndipo ulendo uno ndisabwere ndi zifukwa ngati pamaliro paja.

Ndiye vuto nali. Sabata yomweyo Madamu, amene ndimawalerera ana kuno ku Onaiza, dera lina la Doha, akupita ku Finland ndi banja lonse, ine ndipite nawo. Ndidapempha livu, adangoti inshallah, Mulungu akalola, ndipo inshallah wawoyo ndimamudziwa. Ndikakana, za kontirakiti ina ndiiwale.

Mukudziwa chimene akukaona? Kumwamba! Ati kumeneko thambo limayaka, kuwala kobiriwira n'kumagwedezeka ngati chitenje pachingwe. Anawa andiwerengetsa buku la zimenezi mpaka ndaloweza. Eni dzikolo amati ndi moto wa nkhandwe, ati ikamathamanga mchira wake umathetheka pachisanu. Asodzi a dziko loyandikana nalo amati n'kung'anima kwa nsomba. Ndidaseka, ndikukumbukira inu mukutisonyeza Nthanda ndi uta wa Leza, mukuti chakumwamba chilichonse chili ndi mwini wake. Koma tsamba lina landisowetsa mtendere. Anthu ena akumpotoko amangoti ndi akufa akuvina. Saloza chala, saimba mluzu, ngati ife podutsa pamanda.

Amayi, nkhope yanu sindidaione. Maliro anu ndidaonera pafoni, nditadzitsekera m'bafa ya ana. Achimwene ndawauza kuti livu andikaniza, ndipo n'zoona. Chimene sindidawauze n'chakuti ineyo ndikufuna kupita ku Finlandko. Manyazi andigwira, koma simenti ikandiuza chiyani ine? Inu munali munthu wovina chimtali, simungagone phee pansi pa mwala.

Pasipoti ndapereka kwa Madamu m'mawa uno kuti akonze za ulendowo. Kaya ndalakwa, kaya. Achimwene sakuyankhanso foni yanga.

Mukandipeza nditanyamula mwana wa eni, nditavala jekete yobwereka. Sindikaloza, ndikulonjeza. Inu mukangotsika pang'ono, ndikakudziwani ndi kavinidwe.

Mwana wanu wokukondani,
Tiyamike