Ajeremani a ku Texas ndi pasipoti ya Mayi Tembo

Lachiwiri, Novembala 2006, Woolwich. Kwazizira tsiku lonse.

M'kalasi taphunzira za Ajeremani amene anasamukira ku Texas kalelo. Anali alendo, Chingelezi chothyokathyoka, koma ambiri anatsutsa poyera ukapolo wa anthu akuda, ena mpaka kuphedwa.

Pamsika ndakumana ndi Mayi Tembo a ku Chipata, omwe amagwira ntchito zapakhomo. Andinong'oneza kuti bwana wawo anawalanda pasipoti, ndipo akamachoka amawatsekera m'nyumba. Bwanayo anali kuwadikira m'galimoto.

"Mwanawe, usauze munthu," atero Mayi Tembo. "Viza yako ndi ya sukulu, ungadziputire mavuto."

Ndavomera, chifukwa mantha ndinali nawodi. Koma m'basi Ajeremani aja sanandichoke m'mutu. Ndapeza nambala ya bungwe lothandiza antchito apakhomo, ndiimba mawa m'mawa. Kaya Mayi Tembo adzandikhululukira.