Amuna Anga Akana Dothi la Mkamwini

Aphungu,

Ndithandizeni, ukwati wa mwana wanga ukufuna kutha usanayambe, ndipo woupha ndi bambo ake omubereka.

Amuna anga amagwira ntchito yoyeza dothi la pansi pa msewu asanathire phula. Amalikumba, kulitsendera m'chitini chachitsulo, kuliviika m'madzi, kenako n'kulikanikiza ndi makina kuti aone ngati lingapirire malole. Tsoka ilo, kapitawo wa msewu umene akuyeza panopa ndi chibwenzi cha mwana wathu wamkazi. Dothi la mnyamatayo litaviikidwa linafewa ngati buledi wa mu tiyi, ndipo bambowa analamula kuti agumule, ayambirenso.

Mnyamatayo anabwera kunyumba atavala jekete, n'kugwada. Anati, "Bambo, pamwambapo ndi posalala bwinobwino. Pansipo adzaonapo ndani?" Iwo anangoti, "Mvula."

Chichokereni tsiku limenelo sanapondenso pakhomo pano. Mwana wanga akungolira, akuti abwana aopseza mnyamatayo kuti amuchotsa ntchito. Ine ndinawachonderera amuna angawo kuti angotsinzinako, poti misewu ina yonseyi imakumbika ndipo palibe anamangidwapo. Anandiyang'ana ngati inenso ndine dothi lolephera. Mtima ukundiwawa zedi. Kodi ndiwamane chakudya mpaka asinthe maganizo?

E.N., wa m'mphepete mwa msewu womwewo

Mayi,

Apatseni chakudya, muwaonjezerenso. Ndikuganiza kuti misewu imene imatithyola msana tsiku ndi tsikuyi inayezedwa ndi apongozi achifundo ngati amene mukuwafunawo. Riboni yotsegulira msewu imadulidwa, ife n'kuwomba m'manja, mvula yoyamba ikagwa abakha n'kusamukiramo.

Muitaneni mnyamatayo adye nanu, mumuuze kuti pakhomo panu palibe akumuda. Akakhuta abwerere akagumule. Athire dothi pang'onopang'ono, awaze madzi, ndipo chigalimoto chotsendera chija chitsendere zenizeni, osati kungodutsa ngati chikupereka moni. Akatero ntchito siimuthera. Mwana wanu alire ndithu, koma azilira akuyang'ana. Bambo ake amuviikira mwamunayo m'madzi, tsono aone yekha ngati alimbe kapena afewe.

Koma chenjerani. Munthu wofunsa kuti pansipo adzaonapo ndani sadzafunsa zimenezo pamsewu pokha. Komanso mwalemba nokha kuti mumakhala m'mphepete mwa msewu womwewo, ndiye kuti galimoto ya akwati idzadutsa pomwepo. Mukawagonjetsa amuna anuwo, tsiku la ukwati musadzavale nsapato zazitali, chifukwa mudzakankha nawo.