Magalagadeya a Pampanda wa Kuseri

9 Epulo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti msana wandithera ndi kunyamula bambo. Mwendo ndi dzanja lamanja zikadali zakufa, ndipo mawu sanabwerere kuyambira pamene anadwala sitiroko. Akafuna kunena kanthu amangokweza dzanja lamanzere.

Munafunsa za mpanda wa waya wa kuseri uja. Mukudziwa kuti pamene paja dzuwa limangofika m'mawa, ikamakwana teni mthunzi wa nyumba wagwapo kale. Bambo amakonda kukhala pomwepo pa njinga yawo ya olumala. Poyamba ndinkati akuothera dzuwa, osadziwa kuti ndikuwapereka ndekha kwa mayi wosoka wa kuseriko, yemwe uja ankawaphikira pamene amayi ankabuula m'chipatala. Anachita kutulutsira makina ake pakhonde, moyang'ana kwathu. Akati, "Mwadzuka bwanji, bambo?" iwo n'kukweza dzanja, kumwetulira ndi theka la kamwa. Ine amene ndimawachapira zoipa sanandimwetulirepo choncho. Zinandiwawa, achimwene, sindibisa.

Ndinapita kwa wogulitsa maluwa pafupi ndi siteji ya basi. Anandionetsa bogenivila, koma anati pamthunzi amangotalika, masamba apo ndi apo. Ndinakana. Anandionetsa ena a maluwa achikasu, akuti amayoyola masamba kukauma. Ndinakananso.

"Kodi mayi, mukufuna maluwa kapena chiyani?" anandifunsa.

"Ndikufuna oti ngakhale nkhuku ya kuseri isaoneke."

Anaseka, n'kundipatsa mbande zinayi za magalagadeya. Anati amenewa mthunzi pang'ono sadandaula nawo, bola madzi.

Wothirira anali bambo. Adokotala anati dzanja lamoyolo lizigwira ntchito, ndiye ndinawaikira kapu ndi ndowa pambali pa njinga. Mukanawaona mmene ankathirira mosamala, mayi ujanso n'kumawayamikira kuti ali ndi dzanja la ulimi. Mpaka anandipatsa tizidutswa ta nsalu tomangira nthambi ku waya, ine n'kulandira ndi manja awiri.

Bambo anazindikira cholinga changa patatha miyezi inayi, masamba atawafika m'mapewa. Tsiku limenelo anaponya kapu pansi, n'kundiyang'ana nthawi yayitali. Ndinatola kapuyo ndi kuthirira ndekha, iwo akuona. Mawa lake ndinapeza athothola masamba pamene dzanja lawo limafika, pabooka ngati kukula kwa mbale. Sindinakalipe. Ndinangobweza njinga m'mbuyo phazi limodzi ndi kumanga mabuleki, ndipo pasanathe masabata awiri bowolo linatsekeka.

Tsopano mpanda wonse wabiriwira. Makina ankamveka, moni ankamvekanso, bambo n'kumakweza dzanja, koma kuseriko kunalibe wowaona. Lachiwiri lapitali mayi uja anandiimitsa pageti, maso ali pansi.

"Kodi bambo akudwalika? Sakundiyankha masiku ano."

"Ali bwino, mayi. Angotopa nanu, ndiye musamawavutitse."

Kuyambira pamenepo sanaperekenso moni, ndipo makina anawabwezera m'nyumba.

Musandilalikire, achimwene. Inu munali kutali pamene amayi ankafunsa kuti bambo ako abwera liti, ine n'kumawanamiza kuti atanganidwa kuntchito. Paja amati choipa chitsata mwini. Ndimawasambitsa, ndimawadyetsa, ndipo m'mawa uliwonse ndimawakankhira kumpandako monga mwana womvera.

Mukamatumiza katundu muikemo matewera akuluakulu, aja atha. Mundiperekere moni kwa alamu, ana muwauze kuti azakhali akuwasungira zipatso zoyamba. Ndawauza bambo kuti ndikukulemberani, ndipo ndawafunsa kawiri ngati ali ndi moni woti ndikupatseni. Sanakweze dzanja. Lero ndi tsiku lachitatu asakulikweza.

Ndine mlongo wanu wokukondani.