Mafuta Amene Ndinawaona M'botolo

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Alamu maso aja ali bwanji? Nanga ana? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Kuchitsime cha mafuta kuno ntchito ikadalipo. Kuboola tinamaliza, tsopano akuyesa ngati pansipo pali mafuta okwanira kugulitsa. Amatsekula paipi, kudikira, kutseka, kudikiranso. Abwana akuti eni masheya apirire masabata ena asanu ndi limodzi. Mwezi watha ananenanso zomwezo.

Koma chimene ndalembera si chimenechi.

Mukukumbuka tsiku lija munandiimbira foni kuti mukufuna kugulitsa masheya anu a kakampani kathuka, alamu akachotsedwe ng'ala? Ndinakuletsani. Ndinati mafuta ndawaona ndi maso angawa, dikirani pang'ono, masheya akakwera mudzawatengera alamu kwa dokotala wapamwamba. Inu munati poti wanena ndiwe wogwira ntchito komweko, mudikira.

Achemwali, mafuta ndinawaonadi. Ntchito yanga mukuidziwa, kutunga matope otuluka m'chitsime, kuthira m'mabotolo, kukapereka kwa mayi woyeza miyala. M'mawa umenewo botolo limodzi linkanyezimira pamwamba, ndipo munaimba lili m'manja mwanga.

Nditakalipereka, mayiyo ananunkhiza n'kuseka. Anafunsa kuti anapaka girisi pampu ya matope dzulo lake ndani. Ndinali ine. Ndinachita kupaka mosaumira, ngati ndikudzoza mwana wosamba kumene. Anati amenewo ndi mafuta a m'chitini, osati a pansi pa nthaka, ndipite ndikatsuke botolo.

Botolo ndinatsuka, koma foni yokuuzani zoona sindinaimbe. Manyazi anandigwira. Ndinkati mwina enieniwo atuluka mawa, bodza langa lisanduke zoona popanda wodziwa. Mawa limenelo latha miyezi inayi.

Sabata yatha mwana wanu wamkulu anandilembera kuti diso lachiwiri la alamu layambanso kuchita chifunga, ndipo asiya kusoka chifukwa ulusi sukulowanso pasingano. Akuti ana akafunsa za kuchipatala mumawayankha kuti malume awo anaona mafuta. Ndinawerenga nditakhala pa thumba la simenti, ndipo tsiku limenelo chakudya chinandikanika.

Chitsimechi mwina chili ndi mafuta, mwina madzi amchere okhaokha. Ngakhale mayi woyeza uja akuti sakudziwa. Amene ndalama zawo zilibe ntchito yachangu adikire. Inu musadikirenso chifukwa cha pakamwa panga. Masheya atsika mtengo, koma gulitsani choncho. Njinga yanga yamoto ndaipezera kale wogula, pamene paperewere ndikwaniritsa.

Mundikhululukire, Achemwali. Mundiperekere moni kwa ana onse, ndipo Mulungu akusungeni. Alamu muwawerengere kalatayi yonse, musadumphe mzere ngakhale umodzi pondimvera chisoni. Ndikanakonda akanaiwerenga okha, koma wawalepheretsa ndine.

Ine mlongo wanu,
uja mumamutcha Pakamwa