Nkhope Yanu Yandikana, Amai

Amai, mwadzuka bwanji kumene muliko? Kodi kumeneko nako kwayamba kutentha ngati kuno ku Nyimba, kumene mapili akuoneka ngati akuyandama mu utsi?

Ndine Misozi wanu. Ndiyambe ndi nkhani yabwino: mng'ono wanga Dailesi ali ndi mwana wamkazi, wabadwa miyezi isanu chiikileni maliro anu. Ndi wonenepa, wosalilalila, amangoyang'ana denga ngati akuwelenga mapaso. Chimanga kumudzi kwathu ku Ndake chinachita bwino, koma thonje linadyedwa ndi mbozi. Amalume aDaka, mlongo wanu, maondo akuwavuta, koma njinga sanaileke.

Ine ndikali pa ntchito yanga ija, kulemba maina a mashopu ndi kujambula pa makoma. Mwezi watha ndinajambula nkhuku pa khoma la lesitilanti ndi mitu inayi ya azimai pa saluni. Paja munkaseka kuti azimai anga onse ali ndi khosi lalitali ngati akusuzumila mumpanda wa eni.

Tsono Dailesi anandipempha kanthu. Anati, "Asisi, mujambule amai, mwanayu adzawadziwe." Mukudziwa kuti chithunzi chanu tilibe, munkathawa kamela. Ndinavomela msanga, poti ndakhala ndikujambula nkhope za anthu osawadziwa zaka zonsezi, nanga yanu ingandikanike?

Inandikanika, amai. Ndinayesa katatu ndi penti wa m'chitini. Ndikatseka maso kuti ndikuoneni, mphumi imabwela, maso n'kuthawa. Ndikagwila maso, pakamwa pamasungunuka ngati nkhope ya m'madzi a pachitsime munthu akaponyamo ndowa. Chachitatucho ndinamuonetsa Dailesi. Anachiyang'ana n'kunena kuti, "Awa ndi amai a pa saluni." Sanafune kundinyoza, koma ndinabwelela ndi mantha. Chaka sichinathe, ine mwana wanu woyamba, wojambula, ndataya kale nkhope yanu?

Ndinatseka ntchito, n'kupita ku Ndake ndekha. Ndinakhala pansi pa khonde la nyumba yanu masana onse. Maluwa aja munapaka ndi dothi pa khoma akalipo, ngakhale mvula inanyambita a m'munsi. Ndinakula ndikuliona khoma limenelo, koma tsikulo m'pamene ndinaliyang'anitsitsa. Si maluwa wamba ayi, ndi masamba a thonje, a nsonga zake zija. Ndinaona tinjila ta zala zanu m'dothi louma, tonse topendekela mbali imodzi chifukwa munali amanzele. Pamwamba, pamene msinkhu unakupelewelani, masamba ndi ang'onoang'ono, opakidwa ndi nsonga za zala. Ndinaika dzanja langa m'tinjilato, ndipo ndinakuonani, amai, mutanyanyamphila, chidendene chili m'mwamba, mutu mutaupendeketsa, mpango utatsetseleka. Nkhope sindinaione. Ndinazindikila kuti moyo wanga wonse ndakhala ndikukuonani chakumbuyo: ndili kumsana, ndikukutsatani ku munda, ndikukugwililani mbale ya dothi inu mukupaka khoma.

Ndinatenga khasu n'kupita kudambo kumene munkakumba. Ndinatapa katondo wofiila, dothi lakuda la m'mphepete mwa madzi, ndi loyela lija la pansi pa mkuyu. Nditafika ku Nyimba ndinasinja, kusefa, n'kusakaniza ndi guluu wa akalipentala kuti ligwile pa thabwa. Bulashi ndinaisiya, ndinapaka ndi zala. Tsiku loyamba ndinakhumudwa, zonse zinali bii ngati matope a m'khola. Ndiye ndinamva mawu anu aja a masiku ozila nyumba: "Iwe Misozi, dothi likali lonyowa ili, pita ukatunge madzi, ukabwela uona mtundu wake." Ndinachoka. M'mawa mwake kufiila kunali kutadzuka, kuyela kukuwala ngati ufa woyanika pa mphasa.

Ndinagwila ntchitoyi masiku asanu ndi anai, ndikukujambulani chakumbuyo mukupaka khoma. Nthawi zina ndinkaiwala kuti ndili m'tauni. Mahutala a maminibasi ankamveka kutali ngati ng'ombe za tsidya lina, ndipo m'chipinda monse munkanunkha mvula yoyamba. Koma mtima sunakhale pansi. Dailesi anapempha nkhope, ine ndikumupititsila msana. Ndinkadzifunsa ngati kumeneku sikungobisa kulephela kwanga.

Dzulo ndinakulunga thabwalo m'chitenje n'kukwela nalo minibasi mpaka ku Kacholola, kumene Dailesi amagulitsa nthochi m'mbali mwa mseu. Amalume anali pomwepo, atabwela kudzaona khanda. Ndinatsamilitsa thabwalo ku mtengo n'kuvundukula. Dailesi anafunsa chapansipansi, "Nanga nkhope, asisi?"

Amalume anadzuka movutikila, n'kusendela pafupi, chipewa chili m'manja. Anaima nthawi yaitali, malole akudutsa kumbuyo kwawo. Ndiye anati, ndi mawu aja ankanena akafika pakhomo panu, "Amake Misozi, tacheukani, kwabwela alendo."

Dailesi anagwila pakamwa. Kenaka anamasula mwana kumsana, n'kumuimika pa maondo kuti ayang'ane thabwalo. Tinakhala chomwecho tonse anai, ngati tikudikila kuti mutsilize tsamba limodzi lokha, mupukute manja, mutilonjele.

Chithunzicho chatsala kwa Dailesi. Wachipachika moyang'ana khomo.

Nkhope yanu sindidzaikakamizanso, amai, ndipo sindidzakubwelekelani ya munthu wina. Koma pensulo ndi pepala ndaika kumutu kwa bedi. Tsiku limene mudzafune kucheuka, kaya m'maloto kaya m'kaseka ka mdzukulu wanuyu, mudzandipeza ndili wokonzeka, ndipo ndidzakujambulani mosafulumila.

Ndimakukondani monga kale.

Ine mwana wanu,
Misozi