Chijasi cha Abambo mu Okutobala

Kawale, Lilongwe

Okondedwa achemwali a Enifa,

Landirani moni nonse kwathu ku Nkando. Kaya muli bwanji? Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine ndilipo, kungoti thupi latopa, ndipo kutentha kwa chaka chino sikukugonetsa tulo.

Ntchito ya m'sitolo ya zovala ija ndikadali nayo, koma ili ngati dzino logwedera. Abwana anga, mayi Sheila, anapitako ku France kamodzi, ndiye chibwerereni tilibe mtendere. Akuti ife ogulitsa tizivala monga amavalira akazi m'misewu ya ku Paris, kuti ogula akationa azisirira. Koma zovalazo tizigula tokha. Inu mukudziwa kuti malipiro anga amangodutsa m'manja, kupita ku lendi ndi ku sukulu ya Rosa wanga amene mukundisungirayo.

Choncho ndimalawirira ku kaunjika, kukalimbana ndi amayi anzanga pamene akumasula belo. Ndapezako malaya amizeremizere, buluku lakuda ndi nsapato zoyera zansalu zimene fumbi la Kawale limadana nazo. Mitundu yowala saifuna. Chitenje changa cha maluwa chija anati ndizichisungira kutchalitchi.

Kuchena kwawo n'kosiyana ndi kwathu. Akuti munthu azioneka ngati wangodzuka n'kutola chomwe chinali pafupi. Tsiku lina ndinasita malaya ndi simbi yamakala mpaka kuti nyaa, monga anatiphunzitsira amayi. Nditafika abwana anagwira pakamwa, akuti ndikuoneka ngati wa kwaya, malaya otere amakoma ndi makwinya ake. Achemwali, munthu kukalipiridwa chifukwa chosita! Kukonzekera kuti uoneke wosakonzekera kumatopetsa kuposa kutchola tiyi.

Tsopano yakula ndi ya nyengo. Iwo satsata nyengo yathu, amatsata ya pafoni. Akuti ku France masamba ayamba kuyoyoka, kwayamba kuzizira, ndiye fasho yake ndi chijasi chachitali chakhaki, chachikulu ngati cha mwamuna, chooneka kuti chakhalitsa. Mu Okutobala muno, phula likusungunuka pamsewu! M'sitolomo tilipo awiri, ine ndi mtsikana wina dzina lake Ireen. Abwana anena poyera kuti malonda achepa, mwezi ukatha atsala ndi mmodzi, amene azioneka bwino pa zithunzi zotsatsira malonda. Ireen chijasi wapeza kale, anamugulira chibwenzi chake. Ine ndavundukula milu ya zovala mpaka msana kuwawa, osachipeza. Walira mvula walira matope, tauni ndinaifuna ndekha.

Koma abwana atandionetsa chithunzi cha chijasicho pafoni ndinachizindikira pomwepo. Achemwali, ndi chijasi cha malemu abambo chenicheni, chija anapatsidwa ali mlonda wa nkhalango kuphiri la Chambe. Mabatani omwewo, lamba yemweyo, kolala yoimirira ija. Mukukumbuka anyamata a kabaza pa Nkando akuwaseka kuti chisanu chatsika m'phiri ndi miyendo? Lero ndiye fasho ya ku Paris.

Pempho langa ndi limenelo, ndipo ndikuchita nalo manyazi. Ndikudziwa kuti tsiku logawa zovala za malemu amayi anakana nacho, ngakhale abambo aang'ono a Zefaniya anachoka chimanjamanja. Ndikudziwanso kuti chiperoni akabwera amayi amachifunda pamwamba pa bulangete. Ine sindingathe kuwapempha pafoni. Inu ndi amene mumadziwa kuwalankhula. Auzeni kuti ndikungobwereka, mwezi uno safunda kanthu, ndipo ndidzabwera nacho ndekha chisanu chisanayambe.

Akavomera mupatsire a Americo, oyendetsa lole aja a ku Muloza, amafika kuno mlungu uliwonse. Akakana musawaumirize, ndipo za kutha kwa ntchitozi musawauze, angadwale nazo. Ndidzaona chochita, ngakhale pakali pano sindikuchiona.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Morris, kwa azakhali a Dainess ndi kwa amalume a ku Muloza. Rosa mumuuze kuti ndamva zoti akukhoza masamu, asatope ngati amayi ake.

Chomaliza ndi ichi. Chijasicho musachichape, musachisite, ngakhale chigamba cha pachigongono chija musachikhudze, abwana amakonda zotero. Amayi anandiuza kuti m'kolala mukumvekabe fungo la abambo ndi utsi wa mkungudza, n'chifukwa chake sanachiviikepo m'madzi chimwalirireni iwo. Nanenso sindidzachichapa. Koma kuno kukutentha, achemwali, ndipo ndidzakhala ndikuchivala tsiku lonse. Pobwera nacho chidzakhala chikumveka thukuta langa, osati fungo la abambo. Zimenezi muwauze amayi asanayankhe.

Tsalani ndi mtendere.

Ndine mng'ono wanu wotopa,
Claudia