Anandisiya Ndekha pa Tsiku la Opareshoni

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Kachulu ana ali bwino, koma diso langa lija likutulukabe misozi.

Adokotala anati matenda otupitsa mitsempha ya magazi aja ndiwo anatseka njira ya misozi, ndipo angaitsegule ndi opareshoni pokhapokha matendawo atagona. Ndinamwa mapilitsi osaphonya, ndinasiya ngakhale kuwamba nsomba poopa utsi, mpaka anandipatsa tsiku. Anangoti ndibwere ndi wondidikirira, poti wodwala sagonekedwa yekha.

Alamu anu, bambo a Asiyatu, analonjeza pamaso pa amayi kuti tipita limodzi. M'mawa wa tsikulo anati nditsogole, akwera minibasi yotsatira. Ndinakhala pa benchi kuchipatala ku Zomba, osadya kanthu monga anandilangizira, mpaka anaitana wina m'malo mwanga. Nditabwerera ndinamva kuti alamu anuwo anapalasa bwato kukagona ku zimbowera, timisasa ta asodzi toyandama pakati pa nyanja, ati matemba achuluka. Atabwerako anangoti, "Diso silipha munthu."

Chonde pemphani tchuthi mudzandidikirire ndinu, matendawa asanadzukenso. Anthu akandiona ndikupukuta m'maso amati ndi matenda aja, ine ndimangovomera.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mng'ono wanu,
Patuma